Chopopera cha a Zala-ziwiri

Kuchipinda chochiriramo amayi, pachipatala cha kuseri kwa msika, dzina lenileni la mzamba wamkulu linaiwalika kalekale. Onse ankangoti a Zala-ziwiri, eni akenso n'kumayankha. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa imvi zobisika m'kachipewa koyera, ndipo nsapato zawo zinkamveka asanatulukire pakhomo, kotero kuti aliyense amene anali atatsamira khoma ankapeza mpata wodziwongola. Sikuti anali ankhanza ayi. Kungoti ankakhulupirira kuti kumwetulira kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo sinkafika kawirikawiri.

Dzinalo linachokera pakona ya chipindacho. Pamenepo panali tebulo laling'ono, pamwamba pake nyale yotenthetsa, pambali pake beseni lovindikira. M'besenimo munkakhala chopopera: thumba la labala lokula ngati peyala, kutsogolo kwake kuli kamasiki kophimba mphuno ndi kamwa. Mwana akabadwa ali zii, osalira, osapuma, amathamangira naye patebulopo, kumuphimba kamasikiko, n'kumafinya thumbalo kuti mpweya ulowe m'mapapo. Kuimva ntchitoyi n'kosavuta, ndipo ambiri obwera kumene ankaganiza kuti aidziwa kale. Koma pakhosi pa chopoperacho pali kachitsekero kakang'ono kosadziwa kusunga chinsinsi. Munthu akafinya mopyola muyeso, kamatseguka n'kulira kuti fyii, kutaya mpweya wina kuti usapite wonse kwa mwana. Kutaya kamataya ndithu, koma sikataya wonse.

Kulira kumeneko a Zala-ziwiri ankakumva ngakhale ali kuchipinda china. Nsapato zija zinkamveka, go, go, go, mpaka pamsana pa wopopayo.

"Mukupopa chiyani inu? Tayala la njinga?" ankafunsa, mawu ali pansi. "Chala chachikulu ndi cholozera, basi. Zala zinazo zipite kutchuthi."

Mwanayo akayamba kupuma, wopopa uja n'kumati zatha, m'pamene mlandu unkazengedwa.

"Pepesani."

"Pepani asisitala."

"Ine mwandilakwira chiyani? Mapapowo ndi anga? Pepesani mwanayo."

Ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake ankawerama patebulo paja, anzake akubisa kuseka m'makolala, n'kunena kuti, "Pepa mwanawe, sindidzabwerezanso." Anamwino anapepesapo, azamba anapepesapo, ngakhale adokotala amene anapepesapo tsiku lina, mpaka lero nkhaniyo safuna kuikumbutsidwa. Amene sanapepesepo anali a Zala-ziwiri okha. Chiyambireni ntchito ali mtsikana, chopopera chinali chisanalirepo m'manja mwawo, ndipo sankachita manyazi kunena zimenezi. Anthu anatchera khutu zaka ndi zaka kuti mwina awagwire, mpaka anagwa mphwayi.

Panalinso china chimene ankadziwika nacho. Mwana akakhala patebulo, iwo sankamuyang'ana kumaso. "Nkhope ndi ya amake," ankatero, "yathu ndi chifuwa." Chifuwa chikamakwera ndi kutsika ndiye kuti mpweya ukulowa. Chikapanda kukwera, suonjezera mphamvu ayi: umakonza mutu, kukhazika bwino kamasiki, kupukuta m'kamwa, n'kuyambiranso ndi zala zomwe zija. Ankati ukayang'ana nkhope umayamba kuona munthu, ndipo ukaona munthu manja amapupuluma. N'chifukwa chakenso mayi akamafuula pabedi kufunsa za mwana wake, iwo sankayankha kufikira chifuwa chitayankha. Ndipo wantchito aliyense amene m'bale wake wabwera kudzachira ankamutulutsa panja osamvera madandaulo. Anamwino angapo analirapo m'khonde chifukwa cha lamulo limeneli, koma palibe amene analithyola.

Munthu mmodzi yekha ankatha kutsutsana nawo n'kudzaonanso dzuwa la mawa. Anali namwino wachibambo, msinkhu wawo womwewo, wamtali ndi woonda, amene onse ankamutcha a Nsungwi. Awiriwa anayamba ntchito chaka chimodzi ndipo anakangana chaka chilichonse chotsatira. Mkangano wawo waukulu unabwera ndi makina atsopano amene anaikidwa pambali pa tebulo lija. Kanali kabokosi kokhala ndi muvi woloza manambala, kolumikizidwa ku silinda ya mpweya, ndipo kumapeto kwa paipi yake kunali kamasiki ndi kabowo. Ukatseka kabowoko ndi chala, mpweya ukulowa mwa mwana. Ukachotsa chala, ukutuluka. Mphamvu yake umaikiratu, moti ngakhale utakanikiza chala mpaka kuthyoka, siionjezereka.

"Ubwino wake si wokhawo," a Nsungwi ankafotokoza. "Mapapo a mwana wosakwana masiku amamatana ngati thumba lapulasitiki lonyowa. Chopopera chimawatsegula, mukasiya kufinya amamatananso. Awa amasiyamo kampweya pang'ono kuti asatsekeke."

"Nanga silinda ikatha?" a Zala-ziwiri ankabweza. "Mudzamuuza mwanayo kuti adikire galimoto? Ine thumba limandiuza m'zala ngati mapapo ali olimba kapena ofewa. Chibokosi chanucho chimakuuzani chiyani, nthawi?"

Kunena zoona, onse awiri sankanama. Silinda inathadi tsiku lina, ndipo chopopera n'chimene chinapulumutsa mwana wa mwini. A Zala-ziwiri anaisunga nkhani imeneyo ngati chuma, ndipo pa tsiku lophunzitsana za makinawo anakhala mpando wakumbuyo, manja atapinda pachifuwa. Itafika nthawi yawo yoti ayesere pachidole anangoti, "Ndaona," n'kutuluka. Kuuma mutu kotereku munthu amakutenga ngati ulemu akakhala kuti sanalakwitsepo.

Kunyumba analiko okha. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akadali pasukulu. Mwanayo, wamkazi, tsopano anali telala, ndipo ankasoka pakhonde la sitolo ina mumsewu wopita kumsika. Anakwatiwa ndi mwamuna wofatsa, wokonza mafiriji, koma mimba zake zoyamba zinapita padera. Ya ulendo uno inakhala. Telalayo ankasokera ana a eni ake timalaya tsiku ndi tsiku, koma ka mwana wake sanayerekeze ngakhale kudula nsalu. Lamlungu lina masana, akutsuka mbale kwa amake, ananena osatembenuka:

"Amayi, tsikulo mudzakhalepo. Akadzapanda kulira, mudzamugwire ndinu. Wina ayi."

A Zala-ziwiri ankalidziwa lamulo, popeza analikhazikitsa okha. Anayang'ana msana wa mwana wawo, khosi lake loonda, dzanja limene linaleka kutsuka n'kumadikira m'madzi.

"Ndidzakhalapo," anatero.

Ankaganiza kuti nthawi ilipo yoti adzaibweze nkhaniyo mwaulemu. Koma mimba itangokwana miyezi isanu ndi iwiri, tsiku lina lotentha, dzuwa lili paliwombo, antchito akusinthana kupita kukadya, m'khonde munamveka phokoso. Mpongozi wawo, wokonza mafiriji uja, analowa atakolekera mkazi wake paphewa, nkhope ili mbuu. Telalayo anali ndi tepi yoyezera ikadali m'khosi. Madzi anali atasweka ali pamakina osokera, ndipo ululu unkabwera motsatizana osampatsa mpata wolankhula.

Mzamba mnzawo amene anali pantchito anamugoneka pabedi n'kumuyeza. Atadzutsa mutu, nkhope yake inawauza a Zala-ziwiri zonse. Mwana anali panjira, ndipo panalibe chomubweza. Jakisoni wokhwimitsa mapapo anamubaya ndithu, koma jakisoni ameneyo amafuna nthawi, ndipo nthawi n'chimene panalibe. Adokotala anali m'chipinda cha opareshoni, manja ali m'mimba mwa mayi wina. Otsala kuti alandire mwanayo anali a Nsungwi ndi iwo.

A Nsungwi anawakokera pambali, pafupi ndi sinki.

"Asisitala, tulukani. Ndimulandira ndine."

"Yatsani nyale."

"Lamulo ndi lanu lomwe. Munanditulutsa ine mlongo wanga akuchira, mwaiwala?"

"Ndati yatsani nyale, a Nsungwi."

Anayang'anizana. A Nsungwi anali ndi zambiri zonena, koma pabedi paja panamveka kubuula, ndipo anaona kuti kukangana kudya nthawi ya mwana. Anayatsa nyale, nayala nsalu zofunda, natulutsa thumba lapulasitiki lokulungiramo makanda osakwana masiku kuti asazizidwe, ndi kachipewa kakang'ono. Kenako, osafunsa munthu, anatsegula silinda. Makina aja anayamba kuchita siii pakona.

"Zimitsani chinthu chanucho, chikusokosa," anatero a Zala-ziwiri akusamba m'manja.

A Nsungwi anasanduka gonthi. Anatseka kamasiki ka makinawo ndi chikhatho, kuyang'ana muvi, kupotoza pang'ono, n'kukaika pambali pomwe dzanja lingafike.

A Zala-ziwiri anatenga chopopera m'beseni, nasankha kamasiki kakang'ono koposa tonse. Anayesa pachikhatho chawo ndi zala ziwiri, monga ankachitira nthawi zonse. Chinali bwinobwino. Anaima chopenya khoma, msana atalozetsa kubedi, chifukwa ankadziwa kuti akayang'ana kumeneko manja apupuluma. Kumbuyo kwawo mzamba mnzawo ankalimbikitsa, mwana wawo ankaitana Mulungu, ndipo iwo ankangowerenga m'mutu zochita zawo: kufunditsa, kukonza mutu, kupopa, kuyang'ana chifuwa. Zimenezi anali atazichita kwa ana a anthu osawerengeka, ndipo anadziuza kuti uyunso ndi mwana wa munthu.

Kenaka kubuula kunaleka. Pamene pankayenera kumveka kulira panangoti zii.

"Wamkazi," anatero mzamba uja, ndipo lumo linamveka likudula mchombo.

Kamwanako kanafika patebulo kali lende, mikono ili pendapenda. Kanakwana m'zikhatho ziwiri. Khungu lake linali lopyapyala moti timitsempha tinkaoneka, ndipo mtundu wake sunali wa munthu wamoyo. A Nsungwi anakalowetsa m'pulasitiki muja mpaka m'khosi n'kukaveka chipewa. A Zala-ziwiri anakagoneka chagada, kukhazika mutu molunjika, n'kukasisita pamsana. Sikanatakatake. Anasisitanso, n'kukanda pansi pa phazi. Palibe.

A Nsungwi anaika zomvera m'makutu n'kugunditsa chitsulo chake pakachifuwa paja. Monga mwa ntchito yawo, anayamba kugogoda tebulo ndi chala motsatira mtima wa mwanayo, kuti wopopa azimva osafunsa. Go. Kenako mpata. Go. Mtima wa khanda umayenera kuthamanga mpaka chala kulephera kuutsatira. Uwu unkayenda ngati wa nkhalamba yogona.

Kamasiki kanatera pamphuno ndi pakamwa. Chala chachikulu ndi cholozera za a Zala-ziwiri zinafinya thumba.

"Puma, ziwiri, zitatu. Puma, ziwiri, zitatu."

Maso awo anali pachifuwa, ndipo chifuwa sichinasunthe. Sanadabwe, mapapo osakhwima amavuta kutsegula koyamba. Anachotsa kamasiki, kukonzanso mutu, kukokera chibwano kutsogolo, kukhazikanso, n'kuyambiranso. Chifuwa chili duu. Anatsegula kakamwa, kuyamwa timadzi ndi kachubu, n'kubwezeretsanso kamasiki. Zonse ankachita m'ndondomeko yake, monga ankaphunzitsira ena, ndipo mpaka pamenepo palibe akanawapezera chifukwa.

Go. Mpata uja unatalika. Go.

"Amayi?" anaitana mwana wawo kuchokera pabedi. "Amayi, bwanji sakulira?"

Funso limeneli analimva kwa amayi ambirimbiri. Ena ankawatchanso amayi momwemo, ndipo mawuwo ankangodutsa pamwamba pa kachipewa kawo. Anatseka makutu ngati kale n'kupitiriza kuwerenga.

"Puma, ziwiri, zitatu."

"Amayi, ndiyankheni! Wafa? Wafanso uyu?"

"Gona pansi iwe, usadzuke, ukutaya magazi," anatero mzamba uja.

"Amayi, munalonjeza!"

Awa sanali mawu a mayi wa pabedi. Anali mawu amene ankawadzutsa kale akatentha thupi, mawu amene anafunsa pamaliro kuti abambo abwera liti. Analowa molunjika, osagogoda. M'mutu mwa a Zala-ziwiri munatsala chinthu chimodzi chokha, chakuti mpweya ulowe basi, ulowe mulimonse.

Fyii!

Kachifuwa kaja kanadumpha mwamphamvu, nthiti zonse kutukumuka. Asanazindikire n'komwe, dzanja linafinyanso.

Fyii!

Mzamba wa pabedi anatembenuka, pakamwa pali yasa. Chala cha a Nsungwi chinaima m'malere. M'chipinda monse munalibe amene sankakudziwa kulira kumeneko, ndipo munalibenso amene anayamba wakumva kuchokera m'dzanja limenelo.

"Zala zanu, asisitala," anatero a Nsungwi, pang'onopang'ono.

Anayang'ana pansi. Dzanja lawo lamanja linali nkhonya. Zala zonse zisanu zinali zitamira m'thumba muja, mfundo zake zitayera.

Ankadziwa chimene nkhonya imachita m'mapapo aang'ono chonchi. Anazionapo m'manja mwa ena: papo limang'ambika, mpweya n'kuthawira m'kati mwa chifuwa, n'kumapanikiza mtima, mbali imodzi kumatupa, mwana n'kumazilala anthu akuona. Anayesa kutambasula dzanja kuti zitsale zala ziwiri zija. Zala zinatambasuka, koma thumba silinkawauzanso kanthu. Akafinya pang'ono sankadziwa ngati n'pang'ono. Mwanayo anali atatsala madzi amodzi, chifuwa chake chitabwereranso pansi, ndipo iwo, mzamba wamkulu wa chipinda chino, sankalikhulupiriranso dzanja lawo.

A Nsungwi sanawalande. Akanawalanda mwina akanalimbana nawo, popeza kulimbana ankakudziwa. Anangoima, dzanja lina litagwira kale paipi ya makina aja, maso ali pa iwo.

Chopopera chinatera m'beseni ndi kaphokoso kakang'ono.

"Bwerani nacho," anatero a Zala-ziwiri. Ndipo anaonjezera, mzamba mnzawo akumva, mwana wawo akumva: "Koma sindichidziwa. Sindinaphunzire."

"Gwirani masiki ndi manja onse awiri. Zinazo ndisiyireni."

Kumeneko kokha manja awo sanaiwale. Zala zazikulu ndi zolozera zinazungulira kamasiki, zinazo zinalowa pansi pa kachibwano n'kukakweza mofatsa. A Nsungwi anaika chala pakabowo, kutseka, kutsegula, kutseka, kutsegula, maso ali pamuvi.

"Muvi sukufika. Mpweya ukuthawa penapake."

A Zala-ziwiri anaumva okha, kamphepo kozizira kakuwomba chala chawo chakumanzere, pafupi ndi tsaya. Ananyamula kamasiki, kukakhazika kuyambira pachibwano, n'kukagudubuza kukwera kumphuno.

"Yesaninso."

Muvi unakwera kufika pamene a Nsungwi anaika, n'kuima pomwepo osapitirira. Utatsika sunafike pansi penipeni. A Zala-ziwiri sanauone muviwo, anangomva a Nsungwi akutulutsa mpweya m'mphuno. Maso awo anali pachifuwa.

"Mukufulumira," anatero. "Tsatani ine. Puma, ziwiri, zitatu. Puma, ziwiri, zitatu."

A Nsungwi anawatsata. Thukuta linkatsika m'mphepete mwa kachipewa ka a Zala-ziwiri n'kulowa m'maso, koma analibe dzanja lopukutira. Nyale yotenthetsa inkawawotcha m'khosi. Kunja kwa windo wina ankaitanira malonda ake ngati palibe chikuchitika, ndipo pabedi paja mwana wawo anali atasiya kufunsa, akungolira chamumtima, zimene zinapweteka koposa kufuula kuja.

Poyamba anaganiza kuti ndi maso awo. Kenako anaonanso. Kachifuwa kanakwera pang'ono chabe, monga momwe kayenera kukwerera, n'kutsika. Kanakweranso.

"Chikukwera," anatero. "Musasiye."

A Nsungwi anapitiriza kutseka ndi kutsegula ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chomvera pachifuwa. Analibe chala chogogodera tebulo, choncho ankagogoda ndi nsapato pansi. Go. Go. Mpata unayamba kufupika. Go, go, go. Phazi lawo lalitalilo linafulumira mpaka linalephera kutsatira, ndipo anangosiya.

"Mtima wakwera," anatero.

Mtundu unayamba kubwerera, kuyambira pakati pa chifuwa kufalikira kumapewa. Kamwendo kena kanapindika m'pulasitiki muja. Kenako pansi pa zala zawo a Zala-ziwiri anamva kachibwano kakudzikoka kokha, kamwanako kakubanika n'kukoka mpweya wake woyamba. Kanakokanso. M'kati mwa kamasiki munamveka kamawu kothetheka, kodandaula, kosakwana kudzutsa ngakhale munthu wogona pafupi. Koma pabedi paja kanamveka.

"Ndi iyeyo? Amayi, ndi iyeyo?"

"Akupuma," anayankha a Zala-ziwiri, osatembenuka.

Mzamba uja anaomba m'manja kamodzi n'kuyamika Mulungu. A Nsungwi anachotsa chala pakabowo, n'kusiya makina akungopereka kampweya kaja kosatsekeretsa mapapo, mwana akudzipumira yekha. Wina akanati nkhani yathera pomwepo. Koma a Zala-ziwiri mtima unali ukadali m'mwamba.

"Mverani mbali zonse," anatero motsitsa mawu.

A Nsungwi anamvetsa. Anamvera kumanja, n'kusamukira kumanzere, n'kubwereranso kumanja. Anakhalitsa kumanzereko.

"Kumanja ukulowa bwino. Kumanzere ndikuumva, koma makinawa akusokosa. Sindingalumbire."

Anamusamutsira kuchipinda cha makanda, kumene anamugoneka m'kabedi kagalasi n'kumuika timachubu m'mphuno. Paipi yake inkathera m'botolo la madzi, ndipo madziwo ankangochita thovu, bwatabwata, kusonyeza kuti mpweya ukuyenda. A Zala-ziwiri anakoka mpando n'kukhala kumapazi kwa kabediko, pamene ankatha kuona mbali zonse ziwiri za chifuwa nthawi imodzi. Manja anawapanira pakati pa mawondo. Chakudya chawo chinazizira m'chikwama. Nthawi zina ankaona ngati kumanzere kwatupa, n'kuimirira mtima uli thithithi, kenako n'kuona kuti ndi mthunzi wa paipi.

Mpongozi wawo anasuzumira pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kugwada pomwepo pakhonde.

"Amayi, ndilibe mawu. Anthu akunena kuti pakanapanda inu..."

"Pitani mukakhale ndi mkazi wanu," anamudula. Kuthokozako kunawalasa ngati singano.

Dzuwa litapendeka adokotala anatulukira, zovala za ku opareshoni zikadali m'thupi. Asanagwire chilichonse, a Zala-ziwiri anaimirira.

"Adokotala, musanayambe. Chopopera chinalira m'manja mwanga, ndipo si kamodzi. Ndinafinya ndi nkhonya. Muonetsetse kumanzere."

Adokotala aja, amene anapepesapo khanda tsiku lina anthu akuseka, anawayang'ana kanthawi. Akanafuna kubweza, mpata unali umenewo. Sanatero. Anatenthetsa chomvera m'chikhatho, namvera pamwamba, pansi, m'mbali, uku ndi uku. Anatseka makatani, kutenga katochi, n'kukagunditsa pambali pa kachifuwa, kumanja kenako kumanzere, kuona ngati kuwala kungafalikire ngati m'chinthu chodzaza mpweya. A Zala-ziwiri anagwira chitsulo cha mpando.

"Sindikuona pong'ambika," anatero adokotala. "Mbali zonse ukulowa mofanana. Ulendo ulipo wautali, mapapowa ndi anthete, tiziyang'anabe. Koma nkhonya yanu wapulumuka nayo."

A Zala-ziwiri anakhala pansi pampando paja. A Nsungwi, amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, anapeza chochita ndi makatani.

Posakhalitsa mpongozi uja analowa akukankha mkazi wake pa njinga ya odwala. Telalayo anali wotuwa, milomo itauma, koma maso ake anathamangira m'kabedi kagalasi n'kukhazikika momwemo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira la amake.

"Ndinadziwa kuti manja anuwa sangamutaye."

"Wamupumitsa ndi a Nsungwi ndi makina awo," anatero a Zala-ziwiri. "Ine ndinangogwira chibwano. Manja awa anatsala pang'ono kukulanda mwana."

Telalayo sanalisiye dzanjalo. Mwina sanamvetse zonse, mwinanso anamvetsa.

"Koma mwamuona?"

"Chifuwa ndachiona."

"Amayi inu. Muoneni kumaso."

A Nsungwi anayamba kusendera kukhomo mwakachetechete, pofuna kuwasiya apabanja okha.

"Musachoke, a Nsungwi," anatero a Zala-ziwiri. "Itananinso azamba aja. Munamva nonse chikulira, mumvenso izi."

Atasonkhana, palibe amene anabisa kuseka m'kolala. A Zala-ziwiri anaimirira, kuwongola yunifolomu, n'kuzungulira kuchoka kumapazi kupita kumutu kwa kabedi kaja. Anawerama, ndipo maso awo anachoka pachifuwa n'kukwera, kudutsa kachibwano, kudutsa timachubu ta m'mphuno.

Kankhope kake kanali kochepa kuposa chikhatho chawo. Maso anali otseka, milomo itakanikizana, ndipo pansi pa chipewa, pamphumi paja, panali tsinya. Kamwanako kanali katamanga nkhope ndendende ngati munthu amene wamva chopopera chikulira m'manja mwa wina ndipo akudikira kuti wolakwayo anene zoyenera kunena.

A Zala-ziwiri anasendeza nkhope pafupi ndi galasi.

"Pepa mwanawe," anatero, misozi ikugwera pagalasi. "Ndine agogo ako. Sindidzabwerezanso."